Amuna Anga Atayamba Kukwatitsa Maluwa

Amuna anga alima fodya kuyambira ali mnyamata, koma sanasutepo ngakhale ndudu imodzi. Ndi mkulu wa mpingo, ndipo akamalangiza achinyamata amati kusuta n'kutentha kachisi wa Mulungu. Akatero amabwera kunyumba, kuvula jekete, n'kupita ku chigafa kukaona ngati masamba akuuma bwino. Choncho tsiku limene anayamba kulima chinthu chinanso chosadyedwa sindinayenere kudabwa. Koma ndinadabwa ndithu.

Zinayamba ndi maliro. Pa esiteti ina ya kufupi ndi kwathu kuno ku Chamama panamwalira tenanti, munthu wochokera kumwera amene analibe abale kuno, ndipo mpingo unatuma amuna anga kukayendetsa mwambo. Bokosi linachedwa. Iwo atapanikizika anazungulira kuseri kwa nyumba yakale ya bwana wa esiteti, ija inagwa denga kalekale, kufuna poti adzithandize. Kumeneko, pakati pa udzu ndi njerwa zogumuka, anapeza chitsamba cha rozi chili ndi duwa limodzi lokha, lofiira mochita kuderako. Akuti atalinunkhiza anaiwala chimene anapitira kuseriko. Anafika kunyumba ndi timitengo taminga m'thumba la jekete, chikuto cha Baibulo chitakandikakandika.

"Izi ndiye chiyani?" ndinafunsa.

"Maluwa, mayi."

"Amadyedwa?"

"Si zonse zimene Mulungu analenga zili za m'mimba."

"Mawu amenewo mudzawauze ana anu mu Febuluwale," ndinatero.

Anazika timitengoto m'mphepete mwa nazale ya fodya ku dimba, n'kumatithirira ndi kheni yomweyo. Tina tinauma, tina chiswe chinadya, koma kamodzi kanagwira. Anakasamutsira kuseri kwa nyumba, ndipo kanakula n'kukhala rozi wonunkhira moti mphepo ikaomba fungo limafika kukhitchini. Vuto lake anali wodwaladwala ngati mwana wa bwana. Mvula ikachuluka masamba ankachita mawanga akuda n'kuyoyoka. Dzuwa likawala ankafota. Nsabwe zinkamukonda. Amuna anga ankanyika zinyenyeswa za fodya m'madzi n'kumamuwaza, uku akulankhula naye motsitsa mawu. Ine ndikadwala malungo amangoti, "Mwamwa mankhwala?" ali chiimire pakhomo.

Rozi wachiwiri ndinamubweretsa ndine, ndipo ndinatero mwachipongwe. Ine ndinabadwira m'banja la Chikatolika ku Kapelula. Mpingo ndinasintha chifukwa cha ukwati, nkhani imene amayi anga amaikumbukira nthawi iliyonse akamva kuti kwathu kwagwa vuto. Tsiku lina ndili kocheza kumudzi, ndinaperekeza amayi ku parishi, ndipo pakhomo pa masisitere ndinaona rozi wachikasu, wamasamba obiriwira onyezimira, wonenepa ngati sadziwa njala. Palibe amene ankamulabadira. Madzi ake anali otsukira mbale. Ndinapempha nthambi kwa sisitere wina wachikulire, ndipo anandithyolera.

"Nayu wa Akatolika," ndinatero ndikuponya nthambiyo pamkeka. "Muone thanzi lake."

Ndinkayesa akwiya. Iwo anainyamula ndi manja awiri ngati alandira mgonero.

Wachikasuyo anagwira msanga, ndipo sanadwalepo. Koma analibe fungo ngakhale pang'ono. Ukanunkhiza zinali ngati wanunkhiza mbale yotsuka. Amuna anga anati zimenezo sizinawadabwitse, ine n'kuti wawo wonunkhirayo amakhala chigonere chaka chonse, ndipo tinakhala tikunyozerana mipingo kudzera m'maluwa kwa nthawi ndithu.

Zinthu zinasokonekera mwana wathu wamkazi, amene ndi namwino ku Lilongwe, atatitumizira foni yoonetsa zithunzi. Cholinga chake chinali choti tiziona mdzukulu akukula. Mdzukuluyo tinamuona kangapo. Nthawi yotsalayo amuna anga ankakhala pansi pa mtengo wa mango, pamene pamagwira netiweki, kuonerera azungu okalamba akusisita maluwa ndi kaburashi. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kuti marozi athu awiri anali a mtundu umodzi, uja wotulutsa duwa limodzi lalikulu pansonga ya phesi lalitali, lokulungika pakati. Anati azungu amautchula ndi dzina la tiyi.

"Ndiye tidzamwa?" ndinafunsa.

"Ayi."

"Nanga tiyi akubwerapo bwanji?"

"Mayi, inu mumaganiza za kukhosi basi."

Kenaka anandiuza chimene chinali mumtima mwawo. Ankafuna kukwatitsa wofiira ndi wachikasu kuti pabadwe rozi watsopano, amene sanaonekepo padziko, wonunkhira ngati mayi wake, wolimba ngati bambo wake, wofiira kunja ndi wachikasu mkati. Ndinawayang'ana munthu amene anakana kukhala nkhoswe ya mphwawo chifukwa mkazi anali wa mpingo wina, lero akufuna kumangitsa ukwati wa Mkatolika kuseri kwa nyumba yanga.

Ndiyenera kunena chilungamo apa. Zaka zimenezo fodya sankayenda bwino. Amuna anga ankapita ku okushoni atawongoka, n'kubwerako atawerama. Mabelo ena ankabwezedwa, ena ankagulidwa pamtengo woti munthu ukaumva umangoseka. Anzawo ambiri anayamba kuswera ku mowa. Ena anagulitsa ng'ombe n'kulowera ku Joni osabweranso. Anga ankabwera kunyumba n'kupita kuseri kukagwada pamaso pa zitsamba ziwiri zaminga. Ndinkawanyoza pakamwa, koma mumtima ndinkati bola maluwa sapempha ndalama ya sopo ndipo sabwera ndi mwana pakhomo.

Ntchito yokwatitsa ija inali yochititsa manyazi kuionerera. Mlimi wa fodya aliyense amadziwa kuthena, kudula nsonga kuti fodya asachite maluwa, mphamvu ipite kumasamba. Koma apa ankathena duwa lenilenilo. Ankasankha la wofiira lomwe lisanamasule, n'kulivula tsamba ndi tsamba mpaka litsale lamaliseche. Kenaka ankatenga lezala, magalasi ali pamphuno, n'kumadula timitu tachikasu tomwe timakhala mozungulira, kusiya kapakati kokha. Mawa lake ankabwera ndi ufa wa duwa lachikasu, umene anaukungira m'kachitini ka mafuta odzola, n'kuupaka pakapakati paja ndi nthenga ya nkhuku. Akamaliza ankaveka duwalo kachipewa ka pepala la shuga kuti njuchi zisabweretse mwamuna wina.

Alamu anga, mchemwali wa amuna anga amene amakhala nyumba yoyandikana nafe, anawapeza tsiku lina ali pa ntchitoyi. Mayi ameneyu nkhani ikalowa m'khutu mwake, dzuwa lisanalowe imakhala yafika kumjigo, kuchigayo ndi kumsika.

"Achimwene, mukutani?"

"Ndikuthena."

"Duwa?"

"Eya."

Anatembenuka n'kundiyang'ana ine mwachisoni, ngati akundipepesa maliro.

Maluwa ambiri anauma n'kugwa ndi zipewa zawo. Koma angapo anatupa m'munsi n'kukhala timipira tobiriwira, ndipo amuna anga anamangirira ulusi wofiira pa kalikonse. Ankatiwerenga m'mawa asanasukusule. Pofika nthawi yosoka fodya, timipirato tinali titapsa, tofiira ngati phwetekere.

Nthawi imeneyo ndi imene amayi anga anabwera kudzationa. Tsiku lachiwiri ife tinalawirira ku chigafa kukasoka fodya, iwo n'kutsala pakhomo. Amayi anga sadziwa kukhala. Anathyola nkhwani, anasadzula, anaika pamoto, n'kuona kuti m'nyumba mulibe tomato. Atazungulira kuseri anapeza timatomato tofiira tili lendelende pachitsamba chaminga. Anathyola tonse.

Masana ndinawaikira amuna anga chakudya pakhonde, ine ndi amayi tikudyera kukhitchini. Nditasuzumira pakhondepo ndinaona amuna anga atulutsa kanthu m'kamwa, akukayang'ana pachikhatho. Anadzuka, anapita kuseri, anakhalako pang'ono, n'kubwerera kudzakhala pamalo pomwe paja. Nkhope inali ngati ya munthu amene mabelo ake onse abwezedwa. Akanakhala mwana, kapena mbuzi, kapena ine, mudzi wonse ukanamva. Koma anali apongozi.

Amayi anaitana ali kukhitchini komweko. "Akamwini, ndiwo zakoma?"

Amuna anga anatsika pampando n'kunjuta, manja pamodzi. "Zakoma kwambiri, amayi. Zikomo."

"Koma tomato wanu uja ngwachabechabe. Nthanga zokhazokha, ndiponso akuyabwa kukhosi. Mbewu yake musasunge."

"Ndamva, amayi."

Kukhosi kunatiyabwadi tonse mpaka madzulo, poti m'kati mwa timipira timeneti mumakhala tiubweya tonga ta chitedze. Amuna anga anamaliza ndiwo zonse, akutola nthanga yophika imodziimodzi n'kumaika pambali pa mbale. Ine ndinathawira kuseri kwa nkhokwe n'kuseka mpaka misozi. Koma nditawaona madzulo akumasula tiulusi tofiira tija pa nthambi zopanda kanthu, kuseka kunandithera.

Chaka chotsatira anamanga mpanda wa tsekera kuzungulira marozi, wokhala ndi chitseko. Anathenanso, anapakanso, anavekanso zipewa. Amayi nditawaitana kuti abwere, amuna anga anati ndi bwino abwere tikakolola chimanga, akadzapezeko chakudya chokwanira. Ulendo uno timipira tinapsa bwinobwino, ndipo anatumbula n'kutulutsa nthanga zodzaza chikhatho, zolimba ngati timiyala.

Apa ndi pamene azungu a m'foni ananena chinthu china. Nthanga za rozi sizimera zisanagone m'chisanu choopsa kwa miyezi ingapo, chisanu cha kwawo chija madzi amauma. Kuzizira kwathu kwa mu Juni, kumene ife timafunda mabulangete awiri, kwa izo n'kamphepo kayaziyazi. Pankafunika filiji. Ife tilibe magetsi.

Pa Chamama pali golosale ya bambo wina wa mumpingo mwathu, munthu wofatsa, woimba besi m'kwaya. Amuna anga anamufotokozera, iye anavomera. Anasakaniza nthanga zija ndi mchenga wonyowa, anakulunga m'jumbo yakuda, n'kumanga ndi ulusi wofiira umene unatsala. Mwini golosale anaika kaphukusiko kuseri kwa mabotolo a zakumwa. Chimene anaiwala n'kuuza mkazi wake.

Panapita masabata angapo. Tsiku la msika, golosale ili yodzaza, mkaziyo analowetsa dzanja mpaka kumapeto kwa filiji kufuna botolo lozizira kwambiri, n'kutulutsa kaphukusi kakuda, kozizira, komangidwa ndi ulusi wofiira. Akuti anakuwa mpaka a kabaza anasiya njinga zawo n'kuthamangira komweko. Mwamuna wake pofuna kudzipulumutsa anati, "Si kanga, anandipatsa ndi akulu a mpingo." Kumeneko kunali kuthira palafini pamoto.

Nkhani inatipeza ndi alamu anga, akupuma mwawefuwefu.

"Alamu, mwamva? Akuti achimwene ndi amene amakhwimitsa magolosale pa Chamama."

"Ndi nthanga za maluwa zija," ndinatero.

"Akuti muli mano a mwana."

"Mwana wa ndani?"

"Sananene. Ena akuti ndi zikhadabo."

"Alamu, inu munawaona akutumbula timipira tija ndi maso anu."

"Ndinaona, koma anthu akunena zambiri," anatero, ndipo ndinadziwa kuti mwa anthu onena zambiriwo iwo anali kutsogolo.

Anthu anasiya kugula pagolosale ija ngakhale machesi. M'tchalitchi, benchi imene ndinkakhala inayamba kukhala ndi malo ambiri. Mapeto ake abusa anaitanitsa bwalo la akulu a mpingo, ndipo ine ndinaitanidwa ngati mboni. Tinakhala m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, kaphukusi kali patebulo, aliyense atakhala patali nako. Abusa athu ndi munthu wachinyamata, wophunzira, ndipo ankaoneka kuti akanakonda kukhala kwina.

Amuna anga anabwera atakonzeka. Anatulutsa m'jekete duwa, lezala ndi nthenga ya nkhuku. Ataona nthengayo, mkulu wina wokalamba, amene sagwirizana ndi amuna anga chiyambire mkangano wa malata a tchalitchi, anati, "Mwaona? Zida zake ndi zimenezo."

"Abusa ndi akulu anzanga," anayamba amuna anga, "duwa ili mukuliona limodzi, koma lili ndi zachimuna ndi zachikazi zomwe."

"Zonse ziwiri?" anafunsa wokalamba uja. "M'thupi limodzi?"

"M'thupi limodzi. Ndipo mukalisiya limadzikwatira lokha."

Abusa anatsokomola.

"Ndiye ine ndimalivula chonchi, lisanakhwime. Kenaka ndimatenga lezala n'kudula zachimunazi." Anadula pamaso pawo, mwaluso, kamodzikamodzi. Ndinaona akulu awiri akupingasa miyendo. "Zikatero latsala lalikazi lokhalokha. Mawa lake, pakapakati apa pakayamba kunata, ndiye kuti lakonzeka, ndipo ndimabweretsa ufa wa mwamuna wina."

"Wina?"

"Wina, amene ndamusankha ine."

"Abusa, kodi tikumvabe mlandu womwe uja?" anafunsa mlembi wa bwalo, amene anali atasiya kulemba.

Wokalamba uja sanafune kugonja. "Mwamuna winayo ngwochokera kuti?"

Amuna anga anazengereza. Ine ndinaona kuti nthawi ya mboni yakwana.

"Anachokera kwa masisitere," ndinatero. "Ndinakamutenga ndine."

Abusa anaphimba nkhope ndi buku la nyimbo, mapewa akugwedezeka. Mlembi anatuluka panja. Patapita nthawi abusa anapukuta maso, anamasula kaphukusi kaja ndi manja awo, n'kukhuthulira patebulo. Munali mchenga ndi nthanga, zina zitayamba kutulutsa timizu toyera. Bwalo linagamula kuti palibe ufiti, koma linapempha amuna anga kuti phunziro limeneli asakaliphunzitse ku Sande sukulu. Lamulungu lotsatira abusa analengeza kuti m'kaphukusi munali mbewu ya maluwa. Mpingo unang'ung'udza mokhumudwa. Anthu ankayembekeza mano.

Amayi busa ndi amene anatola nthanga zosamera n'kukazisunga m'filiji ya kunyumba kwawo, pambali pa nyama ya abusa. Anati malipiro ake ndi maluwa a patebulo la kutsogolo m'tchalitchi, poti anatopa ndi apulasitiki aja anachita fumbi.

Pofesa, amuna anga anatenga beseni langa lochapira n'kuliboola pansi ndi msomali, osandipempha. Zinamera zochepa. Timbande take tinali tonyozeka, ndipo tinayamba kuchita maluwa tidakali tating'ono, ngati ana a masiku ano. Apa ndinaphunzira kuti makolo okongola si chikole choti ana adzakongola. Kena kanatulutsa duwa la masamba owerengeka ngati la kutchire. Kena kanali kotuwa ngati nsalu yochapidwa kwambiri. Kena kanatupa mutu osamasula, n'kuwolera momwemo. Kena kanatengera matenda a mayi ndi kusanunkhira kwa bambo. Amuna anga ankayang'ana, kupukusa mutu, n'kuzula. Munthu amene amalalikira kuti Mulungu sataya wake anataya ana ake omwe kudzala popanda pemphero.

Panatsala kamodzi kochedwa, kaminga kuyambira pansi mpaka pamwamba, kamene kankangokula osachita duwa. Anakaoka pansi, ndipo kanatalika n'kutulutsa mutu umodzi wautali, wosongoka. M'mawa wina ndikusesa ndinamva akuitana.

"Mayi, tabwerani."

Mawu awo sanali achimwemwe. Ndinawapeza atakhala pansi padothi, miyendo atatambasula. Duwa linali litamasula. Linali lalikulu, lokulungika bwino pakati, litaima mowongoka pa phesi lake monga ankafunira. Koma silinali lofiira kunja, ndipo silinali lachikasu mkati. Linali lofiirira motuwa, mtundu weniweni wa tsamba la fodya louma bwino, lija mlimi amaliika pamwamba pa belo kuti ogula alione. M'mphepete mokha ndi mmene munali kufiira pang'ono.

"Ndinkati ndipumuleko ku fodya," anatero. "Wanditsatira mpaka m'duwa."

Anagwira tsinde kuti azule. Ine ndinawerama n'kununkhiza. Linali fungo la mayi wake, koma lozama, lokhala ngati mwasakanizamo uchi. Ndinanunkhizanso.

"Lisiyeni," ndinatero.

"Ndi loipa, mayi."

"Mwandiboolera beseni, mwandichititsa manyazi pabwalo la mpingo, amayi anga abwera mochita kuwerengera miyezi. Duwa ili ndavutikira ndine. Mukalizula mukagone ku chigafa."

Analisiya. Mvula ya chaka chimenecho inagwa yambiri, wofiira uja anayoyoka masamba onse monga mwa chizolowezi chake, koma mwanayo anangoti zii, wobiriwira. Kunabwera ng'amba, iye osafota. Pang'ono ndi pang'ono amuna anga anayamba kumuyang'ana ndi diso lina. Anthu odutsa ankaima pampanda n'kufunsa ngati duwalo ndi louma kapena lamoyo, ndipo akalinunkhiza sankafuna kuchoka. Amuna anga anaphunzira kumezanitsa. Ankasenda kadiso pa nthambi ya rozi watsopanoyo n'kukalowetsa pansi pa khungwa la rozi wamtchire, uja amamera m'mipanda ya ku mishoni, n'kumanga ndi timizere ta jumbo. Posakhalitsa tinali ndi mzere wathunthu.

Tsiku lina tikutonola chimanga anandiuza kuti rozi watsopano amayenera kupatsidwa dzina, ndipo iwo aganiza zomupatsa langa. Ndinamva kutentha kumaso ngati mtsikana. Munthu ameneyu chikwatirane sanandiuzepo kuti ndine wokongola. Akafuna kundiyamikira amati ndimalima ngati mwamuna.

"Chifukwa chiyani langa?" ndinafunsa, ndikuyang'ana kumbali.

"Ndi wolimba. Sadwaladwala. Akhoza kupirira ng'amba."

"Basi?"

"Ndiponso ali ndi minga yambiri kuposa makolo ake onse awiri."

Ndinawaponyera chitsononkho.

Lamulungu limene tinapereka maluwa oyamba kwa amayi busa, amuna anga anaimirira nthawi ya zolengeza n'kutchula dzina la duwalo pamaso pa mpingo wonse. Anthu anaomba m'manja, amayi ena analuluta, ine ndinabisa nkhope m'chitenje. Koma potuluka, alamu anga anaima patebulo paja, anayang'anitsitsa, n'kunena mokweza kuti, "Koma ndiye ngati angolitola m'chigafa." Amayi amene anali pafupi anaseka. Pofika Lachitatu panalibe amene ankakumbukira dzina langa pa duwalo. Aliyense ankati Chigafa.

Amuna anga zinawapweteka. Ine poyamba zinandipwetekanso, mpaka tsiku limene ndinamva mayi wina kumjigo akudandaula kuti Chigafa wake wagwidwa nsabwe, wina n'kuyankha kuti wake mbuzi zinamudya kumutu. Ndinayerekeza ziganizo zimenezo zili ndi dzina langa, ndipo ndinapita kukawapatsa alamu anga mazira.

Mmene amayiwo anapezera Chigafa ndi nkhani ina. Kuno amayi amakhulupirira kuti duwa lopempha siligwira, logwira ndi lakuba. Choncho palibe anabwera kudzapempha. Ankabwera kudzandiona, kudzabwereka sefa, kudzafunsa za msonkhano, ndipo akachoka tinkapeza nthambi zathyoledwa. Amuna anga ankakalipa, n'kumati adzatchera msampha. Koma mpanda utagwa mbali ya kunjira sanaukonze, ndipo ndinawaona akudulira nthambi zabwino n'kuzisiya pamwamba pa tsekera, poti wakuba asavutike ndi minga. M'zaka zochepa Chigafa anali pakhomo pa aphunzitsi, pachipatala, pagolosale ija, ngakhale pamanda. Matenanti obwerera kwawo ankanyamula nthambi m'matumba a feteleza pamodzi ndi mapoto.

Chaka chatha tinapita ku Kasungu kuboma kuti amuna anga akayezetse maso. Tikuchokera kuchipatala tinadutsa pamene anyamata amagulitsa mbande za mitengo ndi maluwa m'mphepete mwa msewu. Amuna anga anaima mwadzidzidzi mpaka ndinawagunda kumsana. Pakati pa mbande za mapeyala panali timachubu takuda tingapo, ndipo kamodzi kanali ndi duwa lofiirira motuwa.

Wogulitsa, bambo wa chipewa chachikulu, anatiyandikira. "Madala, muli ndi diso. Ameneyo ndi wapamwamba. Wochokera ku Joni."

"Ku Joni?"

"Anabwera pandege. Kuno sapezeka. Azungu anamupanga m'makina."

"Uyu ndi Chigafa," anatero amuna anga. "Kwawo ndi ku Chamama, kuseri kwa nyumba yanga. Mayi wake ndi wa pa esiteti, bambo wake ndi wa kwa masisitere. Ndinawakwatitsa ndine."

Wogulitsayo anandiyang'ana ine, anayang'ana kabuku ka kuchipatala kamene kanali m'manja mwanga, n'kugwedeza mutu momvetsa.

"Pepani mayi," anatero motsitsa. "Akulandira thandizo?"

"Ayamba lero," ndinayankha.

Anatembenukira kwa amuna anga n'kuyamba kulankhula pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi mwana. "Madala, maluwa awa si a kumudzi. Amafuna chisamaliro. Mukamugula muzimuthirira m'mawa ndi madzulo, ndipo musamuike padzuwa kwambiri, sanazolowere kutentha kwa kuno."

Ndinkayembekeza kuti pabuka mkangano woti a polisi abwere. Koma amuna anga anangowerama. Ananyamula kachubuko, anakatembenuza, anayang'ana pansi pa masamba.

"Mwamubzala m'dothi loipa," anatero. "Ndipo mizu yapindika. Ndipatseni."

Anamugula, osanenerera n'komwe. M'minibasi anamukhazika pamiyendo, ndipo minga inakola chitenje cha mayi amene anakhala pambali pawo. Mayiyo anayamba kulalata, kenaka fungo linamufika, n'kufunsa kuti duwa lokongola chonchi alitenga kuti.

Amuna anga anakonza magalasi awo atsopano.

"Akuti ndi la ku Joni," anatero.